Kodi mu The Revenant muli ndale? Yankho kwa mayi amene anandilembera

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndi bwino kuliyankhira pano. Iwo akuti anaonera filimu ya The Revenant pamodzi ndi mlongo wawo, ndipo itatha anasiyana maganizo. Mlongo wawoyo akuti iyi ndi nkhani ya munthu amene anakana kufa basi, ndipo kufunamo ndale n'kuiwononga. Mayiwo akuti anaona kuti filimuyi ikunenapo kanthu pa za azungu ndi eni nthaka a ku America, koma sanathe kudziwa ngati ikuwalemekeza eni nthakawo kapena ikungowagwiritsa ntchito. Akufunsa ngati ndalezo zilimodi, komanso mmene munthu angaziyezere mwachilungamo.

Mayi, ndale zilimo, ndipo amene anapanga filimuyi anaziikamo mwadala. Alongo anu sakunama pa zimene anamva, chifukwa kwa maola awiri ndi theka woonera amakhala pafupi kwambiri ndi thupi la Hugh Glass, mlenje amene filimuyi ikutsata nkhani yake ndipo Leonardo DiCaprio anamusewera, amamva kupuma kwake, amaona mabala amene chimbalangondo chinamusiya nawo, ndipo n'kosavuta kuiwala china chilichonse. Koma munthu amene akukwawa mu chipale chofewacho sanagwe kuchokera kumwamba. Analembedwa ntchito ndi kampani, kampaniyo inkafuna zikopa, ndipo zikopazo zinali m'dziko la eni ake. Mukangofunsa kuti iye ankatani kumeneko, mwalowa kale m'ndale.

Njira imene ndimaidalira poyeza filimu yochokera pa nkhani yoona ndi kuika mbiri pambali pa filimuyo, n'kuona zimene olemba anawonjezera ndi zimene anachotsa. Sindichita zimenezi pofuna kuwagwira bodza, pakuti filimu si buku la mbiri ndipo wolemba ali ndi ufulu wosintha. Ndimatero chifukwa pamene wolemba wasintha ndi pamene maganizo ake amaonekera.

Nkhani yeniyeni inachitika mu 1823. Zaka 20 m'mbuyo mwake, mu 1803, dziko la United States linagula kwa France dera lalikulu lotchedwa Louisiana pa mtengo wa madola 15 miliyoni, popanda kufunsa mitundu ya anthu imene inkakhala m'menemo. Amalonda awiri, William Ashley ndi Andrew Henry, analengeza m'nyuzipepala ku St. Louis mu 1822 kuti akufuna anyamata 100 oti akwere mtsinje wa Missouri kukatchera misampha. Chimene ankachifuna kwambiri chinali ubweya wa kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, umene ankapangira zipewa za anthu olemera ku Ulaya ndi m'mizinda ya kum'mawa kwa America. Glass anali mmodzi mwa anthu amene analowa ntchitoyi. Chakumapeto kwa mwezi wa August mu 1823, pafupi ndi mtsinje wa Grand m'dera limene lero ndi South Dakota, chimbalangondo chinamuvulaza koopsa, anzake awiri amene anasiyidwa kuti amuyang'anire anamuthawa atamulanda mfuti, ndipo iye anadzikoka mtunda wa makilomita pafupifupi 320 mpaka anafika pa linga la Fort Kiowa. Glass sanalembe yekha za ulendowu. Nkhani yake inayamba kusindikizidwa mu 1825 m'magazini ina ya ku Philadelphia, ndipo kuyambira pamenepo aliyense woifotokoza ankawonjezerapo zake.

Tiyambe ndi anthu a mtundu wa Arikara, chifukwa apa ndi pamene ndili ndi zambiri zonena. Filimu imayamba ndi chiwembu chawo pa msasa wa alenje, mivi ikuchokera m'mitengo, anthu akugwa m'matope, ena akuthamangira ku bwato atanyamula mitolo ya zikopa. Pambuyo pake timauzidwa chifukwa chake: mfumu yawo, Elk Dog, ikufunafuna mwana wake wamkazi, Powaqa, amene azungu anamuba. Chifukwa chimenechi n'chopeka. Nkhondo yeniyeni inachitika pa 2 June 1823, pamene a Arikara anaukira gulu la Ashley n'kupha anthu oposa khumi, ndipo Glass anavulala pa nkhondoyo. A Arikara sanali anthu oyendayenda m'thengo. Anali alimi a chimanga, nyemba ndi maungu, okhala m'midzi ya nyumba zikuluzikulu zomata ndi dothi m'mbali mwa Missouri, ndipo midzi yawo inali misika imene mitundu yosaka njati inkabwera kudzasinthanitsa nyama, zikopa ndi akavalo. Mphamvu yawo inali pa kukhala pakati pa malonda. Mabwato a makampani akamadutsa midzi yawo kupita kumtunda kukasaka okha kapena kukagulitsa mfuti kwa ena, ankawalanda chakudya pakamwa. Panalinso zakale zosaiwalika, monga nthomba imene inawapulula m'zaka za m'ma 1780, komanso mfumu yawo imene inamwalira mu 1806 itapita ku Washington poitanidwa ndi boma la America. Chiwembucho chitachitika, Colonel Henry Leavenworth anabwera mu August ndi asilikali oposa 200, pamodzi ndi ankhondo mazana angapo a mtundu wa Lakota, nawomba midziyo ndi mizinga, ndipo anthu atathawa midziyo inatenthedwa.

Taonani zimene filimu yachita pamenepa. Yatenga mtundu wa anthu umene unali ndi chuma chake, adani ake, mapangano ake ndi zifukwa zake zomenyera nkhondo, n'kuusandutsa bambo mmodzi wofunafuna mwana wake. Ndikumvetsa cholinga chake, ndipo sichinali choipa. Olemba ankafuna kuti woonera asawaone a Arikara ngati zilombo, choncho anawapatsa chisoni chofanana ndi cha Glass, pakuti onse awiri ndi abambo otaya ana. Koma mtengo wake ndi waukulu. Woonera amatuluka akuganiza kuti Powaqa akanapanda kubedwa pakanakhala mtendere, pamene zoona zake n'zakuti mkangano unali pa mtsinje, pa malonda ndi pa funso la mwini dziko. Ndipo asilikali a Leavenworth, amene anali dzanja la boma pa nkhaniyi, mulibemo. Chimene tapatsidwa m'malo mwake ndi zidutswa za maloto a Glass, mmene asilikali akutentha mudzi wa mkazi wake. Zimene boma linachita masana zasanduka chikumbukiro cha munthu mmodzi wodwala malungo a mabala.

Pali malo amodzi pamene filimu imalola Elk Dog kulankhula ngati mtsogoleri. Akukambirana ndi amalonda olankhula Chifalansa, akufuna akavalo ndi mfuti posinthanitsa ndi zikopa, ndipo iwo atamunena kuti zikopazo n'zakuba, iye amawayankha kuti azungu ndiwo aba zonse, nthaka ndi nyama zomwe. Ndimakonda kachigawo kameneka chifukwa mfumu ikuoneka yodziwa mtengo wa katundu wake ndiponso yodziwa kukakamira pa malonda. Chondidandaulitsa n'chakuti ndi kafupi kwambiri.

Pa nkhani ya umbombo wa malonda, filimuyi yachita bwino, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zimveke. John Fitzgerald, amene Tom Hardy anamusewera, si munthu woipa wopanda chifukwa. Ndi waganyu wosauka amene wagwira ntchito miyezi yambiri m'chisanu, ndipo akuona kuti zikopa zikatayika malipiro ake atayikanso. Amalota zogula kamunda ku Texas. Pamutu pake pali chipsera cha pamene anasendedwa khungu ali moyo. Amavomera kutsala ndi Glass chifukwa cha ndalama, ndipo ndalama yomweyo ndi imene imamupangitsa kuona munthu wovulala ngati chinthu chomuchedwetsa. Apa filimu ikuonetsa mmene kampani imasandutsira nyama, mtsinje ndi antchito ake omwe kukhala katundu. Komabe taonani kumene tsankho lonse launjikidwa. Laikidwa pa Fitzgerald, mmphawi wosaphunzira, ndi pa gulu la olankhula Chifalansa, amene aonetsedwa ngati zidakwa ndi ogwirira akazi. Andrew Henry, amene ndi mmodzi wa eni ake a malondawo, waonetsedwa ngati munthu wachifundo ndi wosunga mawu. Anthu ena a ku Quebec anadandaula ndi chithunzi chimenechi, ndipo anali ndi mfundo, chifukwa m'mbiri amalonda olankhula Chifalansa ambiri anakwatira m'mabanja a eni nthaka n'kukhazikika nawo, mpaka panabadwa mtundu wa Métis. Sindikunena kuti iwo anali opanda mlandu. Ndikunena kuti filimu ya ku America yasankha kuti zonyansa kwambiri zichitidwe ndi anthu olankhula chinenero china, ndipo bwana atsale woyera m'manja.

Tsopano tifike pa chinthu chachikulu chimene olemba anawonjezera, chomwe ndi banja la Glass. Nkhani zakale zimanena kuti iye anakhalapo pakati pa anthu a mtundu wa Pawnee, koma palibe umboni wakuti anali ndi mwana amene anaphedwa pa ulendowu. Glass weniweni analondola anthu awiri aja chifukwa anamusiya kuti afe ndiponso anamulanda mfuti yake. Atapeza wamng'onoyo, amene ambiri amati anali Jim Bridger, anamukhululukira. Winayo, Fitzgerald, Glass anamupeza atalowa usilikali ku Fort Atkinson, kumene kupha msilikali kukanamuphetsa iye mwini, ndipo anangolandira mfuti yake n'kuchoka. Sanaphe aliyense mwa awiriwo. Filimu yamupatsa mkazi wa Chipawnee amene anaphedwa ndi asilikali, ndi mwana, Hawk, amene Fitzgerald amamubaya bambo ake akuona koma osatha kudzuka.

Funso lanu lakuti eni nthaka akulemekezedwa kapena akugwiritsidwa ntchito likuyankhidwa pamenepa. Dzifunseni kuti mkazi ndi mwanayu akugwira ntchito yanji m'nkhani. Mkaziyo alibe dzina. Amaoneka m'maloto mokha, nthawi zina akuyandama pamwamba pa mwamuna wake, akunong'oneza mawu omulimbitsa mtima onena za mtengo wa mizu yolimba umene mphepo singaugwetse. Hawk amamwalira filimu isanafike pakati. Awiriwa amachita zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi za phindu la Glass. Amamupatsa chifukwa chobwezera chimene woonera aliyense angachivomereze, ndipo amamuchotsa m'gulu la olanda dziko. Popeza anakwatira mkazi wa kumeneko, amalankhula chinenero chawo, ndiponso anapha mkulu wa asilikali poteteza mwana wake, timaiwala kuti iye ndi amene akutsogolera kampani njira yolowera m'dziko la eni. Woonera mzungu wapatsidwa munthu woti adzione mwa iye popanda kumva kulemera kwa mlandu.

Komabe m'chigawo cha bambo ndi mwanayu muli mphindi imene ndimaiona kuti ndi yoona kuposa zonse. Fitzgerald atanyoza Hawk, mnyamatayo amafuna kuyankha, ndipo Glass amamugwira mwaukali n'kumuuza m'chinenero cha amayi ake kuti akhale chete, asaoneke, chifukwa anthu awa samva mawu ake, amangoona khungu lake. Nkhope ya mnyamatayo ili ndi zipsera za moto wa tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, ndipo akuyang'ana pansi ndi mkwiyo umene sangautulutse. Kholo lililonse limene linaphunzitsapo mwana kudzichepetsa pamaso pa anthu amphamvu kuti abwere kunyumba wamoyo limadziwa ululu umenewu. Filimu ikanamusunga Hawk wamoyo n'kutsata moyo wa mnyamata wobadwa pakati pa mitundu iwiri, ikanakhala ndi zambiri zonena pa funso la kuti munthu ndi wa kuti. Inasankha kumupha kuti bambo ake ayende.

Zomwezo zikuchitika ndi Hikuc, mwamuna wa Chipawnee amene Glass amakumana naye akudya nyama ya njati. Iyenso banja lake linaphedwa. Amamugawira nyama, amamukweza pa kavalo, amamuthira mankhwala m'mabala amene ayamba kuola, ndipo mphepo yachisanu ikubwera amamumangira kachisakasa ka nthambi. Pali kanthawi kochepa pamene awiriwa akhala pansi, atulutsa malilime kuti alawe chipale chimene chikugwa, ndipo akuseka ngati ana. Kutacha Glass amamupeza atapachikidwa pa mtengo ndi amalonda olankhula Chifalansa aja, atamukoloweka chikwangwani cholembedwa m'Chifalansa chonena kuti tonse ndife anthu akuthengo. Ntchito yake yochiritsa mzungu itatha, nkhani inalibenso naye chochita. Mwini nthaka wanzeru amene amapulumutsa mlendo kenako n'kufa ndi munthu wakale kwambiri m'mafilimu a ku America, ndipo kumujambula mokongola sikumusintha.

Za Powaqa ndinena mosamala. Timamuona bwinobwino koyamba akugwiriridwa, ndipo mawu amene amalankhula m'filimu yonse ndi owerengeka. Nkhanza zochitira akazi a mitundu ya eni nthaka si nkhani yakale chabe. Boma la Canada linakhazikitsa kafukufuku wa dziko lonse mu 2016 wokhudza akazi ndi atsikana a mitunduyi amene anasowa kapena kuphedwa, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2019. Choncho sindidzudzula filimu chifukwa choonetsa nkhanzayo, ndipo ndikuyamikira kuti mpeni umene unalanga womugwirirayo unali m'dzanja la Powaqa mwini. Chimene ndikudzudzula n'chakuti ululu wake wasanduka ngongole imene mtundu wake uli nayo kwa Glass, ndipo ngongoleyo imabwezedwa kumapeto pamene a Arikara amamudutsa osamupha.

Mapeto amenewo ndi ofunika kuwayang'anitsitsa. Glass wamugonjetsa Fitzgerald m'mbali mwa mtsinje, kenako akukumbukira mawu a Hikuc akuti kubwezera kuli m'manja mwa Mlengi, ndipo amamukankhira m'madzi. Koma akumukankhira kumene akuona kuti a Arikara aima, ndipo Elk Dog ndiye amamutsiriza. Glass wapeza zonse ziwiri, imfa ya mdani wake ndi dzina la munthu amene sanabwezere. Magazi atsala m'manja mwa mwini nthaka.

Pali zimene filimuyi inachita zoyenera kuyamikiridwa popanda kuchotserapo. Zinenero za Arikara ndi Pawnee, zomwe olankhula ake atsala ochepa kwambiri, zinamveka m'nyumba zoonetsera mafilimu padziko lonse, ndipo katswiri wa mbiri ya Arikara, Loren Yellow Bird, anali mlangizi. Mbali za eni nthaka zinaseweredwa ndi eni nthaka, monga Duane Howard, Forrest Goodluck, Melaw Nakehk'o, Arthur Redcloud ndi Grace Dove, pamene m'mafilimu akale a Hollywood azungu ankangopakidwa utoto kumaso. Izi si zazing'ono. Koma cholembera chinali m'manja mwa Mark L. Smith ndi wotsogolera filimu, Alejandro González Iñárritu wa ku Mexico, potsatira mwa zina buku la Michael Punke la mu 2002. Mlangizi angakonze chovala, katchulidwe ka mawu ndi kamangidwe ka nyumba, koma sasankha amene kamera imutsatire.

Ngakhale malo amene tikuwaona ali ndi ndale zake, ndipo apa ndi pamene alongo anu angadabwe. Emmanuel Lubezki anajambula filimuyi pafupifupi yonse ndi kuwala kwachilengedwe, makamaka ku Alberta m'dziko la Canada, ndipo chipale chitasungunuka msanga anakamalizira kum'mwera kwa Argentina. Zotsatira zake ndi mapiri ataliatali, nkhalango zozizira ndi zigwa zopanda munthu. Koma Glass weniweni anavulala kumapeto kwa nyengo yotentha, m'zidikha za udzu, m'dziko lokhala ndi minda, midzi ndi njira zamalonda. Kuonetsa dzikolo ngati chipululu chopanda mwini, chimene mwamuna mmodzi ayenera kulimbana nacho, ndi ganizo lomwelo limene anthu olanda malo ankadzilungamitsa nalo. Sindikhulupirira kuti Iñárritu ankafuna kunena zimenezo, pakuti anaikamo ngakhale loto la mulu wa zigaza za njati, lokumbutsa kupululidwa kwa nyamazi kumene kunadza zaka makumi angapo pambuyo pake. Koma chithunzi chimalankhula zake, kaya mwini wake akufuna kapena ayi. Leonardo DiCaprio, polandira mphoto ya Golden Globe mu 2016, anatchula eni nthaka ndi kufunika koteteza malo awo, ndipo polandira mphoto ya Oscar analankhula za kusintha kwa nyengo. Anali mawu abwino, koma ananenedwa kunja kwa filimu, ndipo tiyenera kuiyeza ndi zimene zili m'kati mwake.

Glass anaphedwa ndi a Arikara mu 1833 pafupi ndi mtsinje wa Yellowstone. Mu 1837 nthomba inabweranso ndi sitima yamalonda pa Missouri n'kupulula a Mandan, a Hidatsa ndi a Arikara. Otsala a mitundu itatuyi anadzakhala pamodzi, ndipo lero ali ku Fort Berthold m'chigawo cha North Dakota, kumene damu la Garrison linamiza minda yawo yachonde m'zaka za m'ma 1950. Filimu inalibe udindo wofotokoza zonsezi, koma woonera ayenera kudziwa kuti anthu amene akuwaona akutuluka m'nkhungu ndi kubwereramo ali ndi zidzukulu zamoyo, zokhala ndi boma lawo ndi masukulu awo.

Chigamulo changa, mayi, n'chakuti The Revenant imawamvera chisoni eni nthaka moona mtima, imadzudzula umbombo umene unawawononga, koma siwapatsa nkhaniyo kuti ikhale yawo. Ngati mukufuna kuona kusiyana kwake ndi maso anu, funani Atanarjuat, filimu ya mu 2001 imene anatsogolera Zacharias Kunuk, wa mtundu wa Inuit ku Canada, yolankhulidwa m'chinenero cha Inuktitut, imene inalandira mphoto ya Caméra d'Or pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France. M'menemonso muli mwamuna wothawa adani ake pa madzi oundana, wopanda chovala, mapazi akutuluka magazi. Koma amene amamubisa ndi kumuchiritsa ali ndi mayina, ali ndi achibale ndi milandu yawo, ndipo iye akachira amabwerera kwa anthu ake kukakonza zimene zinawonongeka pakati pawo.